Lamba Waduka

Lolemba, 4 Juni 1956

Lamba wa kamera waduka. Pamsika, anthu akuona, ndikukonzeka kujambula kalaliki wa ku boma ndi njinga yake yatsopano. Ndangomva khosi lapepuka, kamera ikutsika. Ndaigwira ndi mawondo. Munthu wamkulu kunjuta ngati nkhuku yofungatira mazira, kalaliki akuseka mpaka kutsamira chishalo. Ndamuuza kuti mano akewo akadakhala oyera ndikadamujambula akuseka choncho. Wapita osajambulidwa. Apite.

Chikopa chinali chitawola mkati. Chinyontho cha kuno ndi thukuta la zaka zitatu. Kunja chimaoneka chabwinobwino, ngati anthu ambiri a pa boma pano.

Amaona ngati lamba n'chodzikongoletsera. Kwa ine ndi dzanja. Kumanja ndinatsala ndi chala chachikulu ndi chaching'ono, zitatu zinatsalira mumgodi ku Joni. Kamera ndi ya bokosi, yoyang'anira pamwamba. Ndimaikokera pansi mpaka lamba atakungika pakhosi, dzanja lamanzere likugwira, chala chachikulu chakumanja chikudina. Popanda lamba imanjenjemera, munthu amatuluka ngati ali pansi pa madzi. Palibe anandiphunzitsa zimenezi. Ndinazipeza ndekha nditawononga mafilimu anayi.

Khoka sindingakoke. Nkhafi sindingagwire. Khasu limandipulumuka. Bokosi ili ndiye munda wanga, ndinaligula ndi chipepeso cha zala.

Pa filimu patsala malo a chithunzi chimodzi. Akadakhala a kalaliki uja.

Mkazi wanga Flora: "Mwina Chiuta akuti mupumeko." Ndamuuza kuti Chiuta sawoletsa zikopa, ndi mvula ya Nkhata Bay.

Lachiwiri, 5 Juni

Mlamu wanga Weston, mlongo wake wa Flora, wabwerako kumpoto komwe amakapha utaka. Anadzera kumudzi kwathu. Uthenga wa mlongo wanga Keziah: Ama sakudya, phala supuni ziwiri basi. Maso anafa chaka chatha, tsopano mutu nawo ukutsatira. Akuitana Ada, bambo athu, amene tinaika m'manda nkhondo isanayambe.

Kalata ya mkulu wanga Cyrus ili m'Baibulo kuyambira Epulo. Zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi ku Joni, osapondako kuno ngakhale kamodzi. Mizere inayi. Umodzi ndi uwu: "Nditumizire nkhope ya Ama, ndayamba kuiiwala." Nditawerenga ndinapsa mtima. Ukufuna nkhope, kwera sitima. Koma kalatayo sindinaitaye.

Nanga ine ndiye wabwino? Ndajambula maukwati, ovina malipenga, ana a eni, ngakhale galu wa mzungu wa kumunda wa mphira. Ama ayi. Chifukwa cha lamulo langa lomwe: kamera sikwera bwato. Kumudzi kulibe msewu, phiri limagwera m'nyanja. Njira yapansi imafuna manja awiri athunthu. Ndinkati Ama adzabwera okha ku boma tsiku lina. Sadzabweranso.

Filimu yatsopano ibwera ndi sitima ya pa 21. Keziah anauza Weston kuti, "Mukawauze achimwene, akachedwa sabata ina abwere ndi nsanda, osati kamera."

Chithunzi chimodzi. Lamba palibe. Mwera wayamba kuwomba.

Lachitatu, 6 Juni

Kusitolo kwa Mmwenye, malamba a buluku okhaokha. Otakata, salowa m'timphete ta m'mbali mwa kamera. Akuti andiitanitsira weniweni ku Blantyre, milungu itatu. Ndamufunsa ngati imfa nayo amaitanitsa ku Blantyre.

A Yakobe, osoka nsapato pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa msika, andidulira wa chikopa cha mbuzi. Wouma gwa ngati makaka. Ulusi wokhotakhota. Ndawauza pamaso kuti asoka ngati munthu wothamangitsidwa ndi njuchi. Iwo osatukula ndi mutu womwe: "Ada Percy, sokani nokha ndi zala zanu ziwirizo." Ndinafuna kuwagenda ndi nsapato. Zoona, n'chifukwa chake zawawa.

Weston wamugwira lambayo, wamupinda, wamununkhiza ngati wodziwa. "Alamu, pakani mafuta a nsomba ya batala. Afewa ngati khutu la mwana." Ndapaka. Wafewadi. Fungo lake lothawitsa alendo, koma wafewa. Kamera m'sutikesi yachitsulo, lamba pa msomali kuti mafuta alowe bwino.

Za ulendo Weston akuti sakankha bwato mpaka mwera utagona. Maola anayi opalasa, pali nsonga ya matanthwe pakati imene inamwa kale anthu. Sindinamutsutse. Kusambira ndi dzanja ili ndimangozungulira pamodzimodzi.

Lachinayi, 7 Juni

Makoswe.

Pa msomali patsala kachidutswa kotalika ngati chala, ndi ulusi wa a Yakobe ukulendewera. Ulusi wokhawo aukana. Nawonso aona kasokedwe.

Ndatsika kugombe la Chikale osasamba ndi kumaso komwe. Weston ali ndi anzake akusoka chilimira, ukonde wawo waukulu uja. Ndamulalatira pamaso pa onse. Wandisiya nditsirize, ndiye akuti, "Alamu, ndinati mupake mafuta, sindinati muitane alendo." Gombe lonse kuseka. Ndakankha dengu la usipa ndi phazi.

Ndatola ndekha. Mumchenga, ndi zala ziwiri, kamodzikamodzi. Palibe anaseka pamenepo. Bola akadaseka.

Munthu wobadwira panyanja, wodziwa kuti khoswe amatsata fungo la nsomba kuchokera kutsidya kwa phiri, kukapachika ndiwo pa msomali. Weston analankhula ngati msodzi, ine ndinamvera ngati chitsiru.

A Yakobe akuti chikopa china palibe mpaka wina aphe mbuzi. Mwina chilipo. Pakamwa panga ndiye panachibisa.

Loweruka, 9 Juni

Masiku awiri oyesayesa. Ndinapeza mwala wolemera ngati kamera, ndaukulunga m'kansanza. Kamera yeniyeni siyeserapo munthu.

Chingwe cha chilimira. Cholimba, sichingaduke, koma chandicheka khosi mpaka kutuluka timagazi. Ndipo mwala umangopita uku ndi uku. Ndakhala m'bwato bwa Weston pagombe pomwepo, funde limodzi lokha, mwala wamenya m'mbali mwa bwato. Likadakhala galasi, basi.

Chubu cha njinga. Ndawerama, mwala watsika mpaka m'mawondo, wabwerera, wandipeza pachibwano. Mlomo watupa. Ndadziluma ndi lilime lomwe.

Kachingwe kapadzanja, kamera ili m'manja. Ndiye bwato ndigwira ndi chiyani? Dzanja logwira ndili nalo limodzi. Likasunga kamera, ine wondisunga palibe.

Chitini cha mabisiketi pakati pa miyendo. Weston akuti m'bwato madzi amafika m'akakolo ngakhale tsiku labata, ndipo bukagubuduka chitini chimayenda ulendo wakewake.

Chilichonse cholendewera kutsogolo ndicho chimayamba kukumana ndi funde. Ndakhala pakhonde, mwala pamiyendo, ndikufuna kuuponya m'nyanja ndi ine ndemwe.

Flora wakhala akundiyang'ana masiku onsewa. Lero wati, "Chinthu chimene simufuna kuti chigwe simuchipachika pakhosi, Ada. Mumachibereka." Walowa m'nyumba, watsegula bokosi lake, watuluka ndi nsalu ya mwana wathu Susan. Yabuluu ija, imene Ama anaipinda m'mphepete ndi ulusi wofiira wonenepa maso asanafe, kuti tiziberekeramo mdzukulu wawo. Zaka ziwiri isanatuluke m'bokosi.

Ndati ndine mwamuna, ndipo kamera si mwana. Pakadathera pomwepo. Ndawonjeza kuti mwana m'nyumba muno tilibe.

Ndimanyada kuti sindizungulira polankhula. Lero ndikadazungulira ngakhale boma lonse. Flora waipinda nsaluyo kanayi, waisalaza ndi chikhato, waibwezera. Sanalire. Watenga dengu, wapita kukavuula chinangwa.

Lamulungu, 10 Juni

Kutchalitchi sindinamve kanthu. Flora mbali ya amayi, maso pabuku la nyimbo limene amalidziwa pamtima.

Susan, miyezi isanu. Kamera inali m'nyumba, filimu yodzadza. Ndinkati ayambe wakhala pansi, chithunzi cha mwana wogona chagada sichikongola. Malungo sanadikire kuti akhale pansi. Chithunzi chake palibe. M'nyumba ya wojambula. Ndayesa kukumbukira mphuno yake, sikubwera. Ndiye Cyrus ndimudzudzula ndi pakamwa pati?

Potuluka ndakumana ndi munthu wa kumudzi, wabwera wapansi kudzagula parafini. Ama asiya phala. Madzi okha, ndi nsanza yonyowa pamilomo. Akuti dzulo anafunsa ngati mwana wa Percy wayamba kukwawa. Keziah anangoti inde.

Nyanja yoyera ndi mafunde mpaka komwe maso alekeza.

Lachiwiri, 12 Juni

Weston m'mawa: "Mawa kukamacha ugona, maola ochepa. Tikauphonya, ndi sabata ina." Ndamufunsa wadziwa bwanji. Akuti bondo lake. Moyo wanga wonse tsopano uli pa bondo la Weston.

Kupepesa sindidziwa. Ndinapeza Flora akusinja. Ndaika mwala uja pamphasa, ndati, ndionetse. Watsiriza kaye mtondo wonse, osafulumira.

Wandiweramitsa. Mwala pakati pa mapewa, pamwamba. Nsalu mbali ina kudzera m'khwapa, ina paphewa, mfundo pachifuwa. Wakoka mpaka mpweya kubanika. Ndalumpha. Ndawerama. Ndathamanga kuzungulira nyumba kawiri, nkhuku zikubalalika. Mwala uli phee, osasuntha. Manja onse awiri alibe ntchito.

Sabata yathunthu ndikufunsa amuna, Mmwenye, wosoka, msodzi. Chonsecho amayi amadutsa pamaso panga tsiku lililonse akutsika matanthwe a ku Chikale, mwana kumbuyo, mtsuko pamutu. Mwana wogwa sindinamuonepo.

Vuto ndi mfundo. Ndi zala izi sindingaimange, sindingaimasule. Flora: "Ndiye ndikwera nawo. Ndi apongozi anga, ndipo nsalu ndi yanga."

Kamera waikulunga yekha. Poyamba m'chidutswa cha chijasi changa cha mvula cha kumgodi, kenako m'juzi, kenako nsalu. Sindinalolepo munthu kuigwira kamera imeneyi. Ndaima pambali manja kumbuyo ngati mlendo.

Kukafika nayo ndi nkhani ina. Ndikajambula bwanji popanda lamba, sindikudziwa. Chithunzi chimodzi. Chikagwedezeka, chagwedezeka mpaka muyaya.

Lachinayi, 14 Juni, kumudzi

Ndikulemba pakhonde pa Keziah. Zadzulo.

Ku Chikale, ine chimtolo kumsana, kunali anthu ambiri kuposa amene ndinapempherera. Wina: "Percy wachira. Wamwamuna kapena wamkazi?" Wina: "Wayamwa kale, kapena akayamwa panjira?" Wachitatu amafuna kudziwa ngati tapereka kale dzina. Ndinatsegula pakamwa. Flora kumbuyo, motsitsa: "Mukayankha mmodzi muyankha onse, ndipo mwera sudikira." Ndinakwera bwato. Koyamba m'moyo wanga kumeza mawu, amawawa ngati ndulu.

Maola awiri oyamba, bata. Bondo la Weston silinaname. Pansonga ya matanthwe mphepo inadzuka. Mafunde kutsogolo, pachifuwa, m'kamwa. Weston ndi mnzake akupalasa osalankhula, Flora akukapa madzi ndi chikho, ine dzanja lamanzere pa bwato, lakumanja likungokanda mtengo pachabe. Zonse zimene ndinayesa sabata yatha zikadamira pamenepo. Kumsana ndimamva kulemera kwake, kofunda, kosasuntha.

Pofika pagombe la kwathu funde linatitembenuza. Madzi m'chifuwa. Ndinaima ndi miyendo, ndinawerama kuti msana ukhale pamwamba, osaganiza n'komwe. Flora akuti amayi onse amatero.

Mfundo inanyowa, inatupa, inakana kumasuka. Keziah akutikuwira kuti tifulumire, Ama ali maso. Ndinalowa choncho, chimtolo kumbuyo, madzi akuchucha, ndinagwada pamphasa.

Ama atha thupi. Mafupa m'bulangete. Dzanja lawo pankhope panga, pamlomo wotupa. "Wamenyananso ndi ndani?" Linatsika paphewa, linapeza nsalu, linayenda m'mphepete. Linaima.

"Ulusi wanga uwu. Mwabwera naye."

Keziah anagwira pakamwa. Ama akupapasa chimtolo. "Percy wabereka mwana? Joni inakuphunzitsa zambiri."

Mawu anali kale pamilomo, Ama, ndi kamera. Flora anandiponda chala chakuphazi mpaka ndinaona nyenyezi. Anamasula mfundo ndi mano, anawaika chimtolo m'manja. Ama anachikumbatira, anapapasa pamwamba pomwe pali ngodya ya bokosi. "Mutu wouma. Ngati bambo wake."

Kamera imene ndinawoloka nayo nyanja, ili m'manja mwa munthu amene ndinabwera kudzamujambula, akuisisita. Kuwalanda sindikadatha.

Flora: "Wanyowa ndi nyanja, Ama. Ndipatseni ndimusinthe." Anatembenuka, anasolola kamera, yowuma, ngakhale dontho. Anakulunga juzi yokha m'nsalu, anawabwezera. Mawu ake osanjenjemera ngakhale pang'ono.

M'nyumba mdima. Weston ndi Keziah anawanyamula ndi mphasa yomwe mpaka pakhomo, padzuwa, kuwatsamiritsa kuchipupa. Ndinavundikira mtondo, kamera pamwamba. Pansi posalingana, mtondo ukugwedera. Ndinayesa ndi dzanja limodzi, m'galasi Ama akusambira. Ndinatsala pang'ono kulira ndi ukali. Flora anagwada, anaigwira ndi manja awiri, kuikanikizira pa mtondo. "Dinani inu, kugwira ndisiyireni."

M'galasi nkhope ya Ama inalibe munthu. Maso kumwamba, pakamwa pongotseguka. Imeneyo si nkhope yotumizira Cyrus. Ndinadikira. Dzuwa likulowa m'mtambo ndi kutuluka. Keziah akuti jambulani, atopa. Ndinadikirabe.

Ndiye Ama anatembenukira komwe kunali mawu anga. "Percy, iwe sunama. Akufanana ndi ndani?"

Flora maso pansi, zala zayera ndi kukanikiza.

Ndinati, ndi inu, Ama. Mphuno yomweyo.

Ndikunena, ndinaiona. Mphuno ya Susan, yofupika, yotambalala pansi, ili pomwepo m'galasi pankhope pa Ama. Zaka ziwiri ndikuifunafuna.

Ama anaseka. Mano atatu, mutu chopendeketsa monga kale akamva bodza la Ada la nsomba yaikulu. Nsalu pachifuwa.

Ndinadina.

Lachitatu, 20 Juni, Nkhata Bay

Ama anapita Lachisanu dzuwa litangotuluka. Tinaika Loweruka. Kuyambira Lachitatu lija nsalu sanaisiye, ngakhale pomwa madzi.

Posambitsa, Keziah anafuna kuichotsa kuti abwezere mwini wake. Ndinamva ndili panja, Flora akuti, "Asiyeni apite nayo. Akamubereke kumeneko. Wakhala nthawi yaitali wopanda womunyamula." Chinthu chokhacho cha Susan chimene tinatsala nacho. Sanandifunse. Anachita bwino.

Pobwerera kamera inali kumsana kwa Flora, m'chitenje chake. Ku Chikale palibe anafunsa ngati yayamwa.

A Yakobe atumiza lamba dzulo, wa chikopa cha ng'ombe, osawapempha. Ulusi wowongoka ngati wa makina. Ndapita kukathokoza, kukanena yewo. Akuti, "Musapake ndiwo." Ndili naye m'sutikesi yachitsulo.

Filimu ndaitulutsa, ndaimata, ikwera sitima mawa kupita ku Blantyre kokatsuka. Milungu itatu. Mtondo unagwedera kapena ayi, dzuwa linali mumtambo kapena ayi, sindikudziwa. Flora akuti sanapume n'komwe. Ine chala changa sindichikhulupirira. Ndikatseka maso ndimamva ngati ndinachedwa, kuseka kunali kutayamba kutha.

Kalata ya maliro iyenera kukwera sitima yomweyo. Ndayamba katatu. Za imfa zalembeka mosavuta, mizere iwiri. Koma chithunzi chikatuluka bwino, Cyrus adzachiyang'ana m'komboni muja, adzaona Ama akuseka atakumbatira nsalu, ndipo adzafunsa kuti mwanayo ndi wa yani. Cyrus sindinamunamizepo chibadwire.

Flora akusita malaya kuseri kwanga. Ndamuwerengera pomwe ndafika. Wasiya kusita, akudikira.

Akulu, amene Ama anyamulayo ndi